Funsani Mmisiri: Chitseko Chokakamira ku Turffontein

Funso: Bambo mmisiri, ndimachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ku Turffontein, kuno ku Joni. Chiyambireni mvula mu Novembala, chitseko changa chathabwa chikuvuta. Ndikatsitsa handulo, kalilime ka loko sikabwerera m'kati mpaka nditakankha ndi phewa. Lolemba lapitali takisi inandisiya ndikulimbana nacho. Ndinathira mafuta ophikira, koma anathandiza masiku awiri okha. A landilodi akuti ndigule ndekha loko wina. Ndigule? Mayi wa ku Turffontein.

Yankho: Mayi, ndalamazo mangani kaye pansalu. Tsegulani chitseko chikhale pululu, mutsitse handulo kangapo mukuyang'ana kalilime kaja. Ngati kakulowa ndi kutuluka mosavuta, loko wanu alibe mlandu, vuto lili pamene kakukumana ndi felemu. Ndipo ineyo ndikuganiza kuti ndi pomwepo, chifukwa mwanena za mvula ndi phewa.

Kuno mvula imagwa kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, ndipo thabwa limamwa chinyezi n'kufufuma, makamaka kunsi ndi pamwamba pa chitseko pamene openta ambiri safikapo. Mu Juni ndi Julaye kukauma, limabwerera. Chitseko chofufuma chimapanikiza kalilime pa kachitsulo ka pafelemu, nanga kabwerere bwanji? Mukamakankha ndi phewa ndiye kuti mukukapatsa mpata.

Musanathamangire kupala thabwa, gwirani chitseko chotsegula m'mphepete, muchinyamule pang'ono. Chikagwedera, masikuluu a mahinjesi amasuka, makamaka apamwamba. Amangeni. Sikuluu ikamangozungulira osagwira, izuleni, mupake guluu wa matabwa pa timitengo ta machesi titatu kapena tinayi, mutsindire m'bowomo, muthyole zotsalira, mawa lake mumangenso. Mwezi watha ndinakonza choncho chitseko cha mlamu wanga ku Rosettenville. Iye anali atagula kale loko watsopano, mpaka pano akadali m'pepala lake pamwamba pa filiji.

Zikapitirirabe, pakani lipisitiki kapena choko kunsonga kwa kalilime, mutseke chitseko pang'onopang'ono, mutsegulenso. Chizindikiro chimene chatsala pa kachitsulo ka pafelemu chikuuzani pamene pakukhulana. Ngati kaphonya bowo ndi mamilimita 2 kapena kucheperapo, tengani tupa mupale mbali imeneyo, pang'ono pang'ono mukuyesa. Zipinda zambiri za kuseri kuno zili ndi mafelemu achitsulo, bowo lake ndi lobooledwa pafelemu pomwepo, ndiye tupa ndiye mankhwala ake. Felemu ikakhala yathabwa, mutha kumasula kachitsuloko n'kukasuntha. Kupala chitseko chenichenicho ndi pulena kukhale komaliza, ndipo muyambe mwapempha eni nyumba. Mukapala kwambiri lero, mu Julaye mudzagona ndi mphepo yolowera pampata. Pamene mwapalapo pentanipo.

Tsono ngati kalilime kakukakamira ngakhale chitseko chili chotsegula, yambani mwamasulako pang'ono masikuluu a handulo. Ena amamanga ngati akumanga tayala la lole, handulo n'kupanikizika. Mafuta ophikira aja, Mayi, musabwerezenso. Amauma n'kusanduka phula, fumbi n'kumatirira. Gulani kachitini ka mafuta opopera otchedwa Q20 ku hadiweya, mupopere pa kalilime mukugwedeza handulo mpaka zakuda zituluke, mupukute. Kumbali yopendekera ya kalilime khulanipo kandulo kapena mtima wa pensulo. Handulo ikamangolendewera osabwerera m'mwamba, sipuling'i yathyoka, apo pokha ndiye mugule loko. Munyamule wakaleyo popita ku shopu, chifukwa maloko amasiyana kuya kwake, ndipo a landilodi muwasonyeze lisiti. Loko wotha ndi ukalamba ndi wa nyumba yawo, simudzachoka naye.

Ntchitoyi isadikire malipiro a kumapeto kwa mwezi. Tonse tikukumbukira moto wa pa 31 Ogasiti 2023 ku nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, umene unapha anthu oposa 70, ena mwa iwo Amalawi anzathu. M'chipinda cha khomo limodzi, mawindo ali ndi mabagalabazi, magetsi akazima mukuyatsa kandulo, chitseko chiyenera kutseguka ngakhale ndi dzanja la mwana. Loweruka lino bwerekani sikuludiraiva ndi tupa kwa aneba, muyambire pa hinjesi yapamwamba.