Musanagwire zikwakwa kumtsinje, gulani kope

Mayi wina wa ku Nkhotakota, yemwe ali m'komiti ya zachilengedwe m'mudzi mwawo, anditumizira imelo. Akuti kamtsinje kawo, kamene kamathira mu Kaombe, kadzaza namasupuni ndipo madzi ada. Anyamata akufuna kutchetcha chilichonse chomera m'mbali mwake. Akufunsa chimene angachite poti makina oyezera madzi alibe.

Mayi, aletseni msanga anyamatawo asanakhudze bango ndi nsenjere. Mizu yake ndiyo imagwira gombe, n'kumatchinga dothi ndi feteleza wokokoloka m'madimba. Mukazitchetcha, mvula yoyamba yomwe idzagumula gombelo. Mpasa zimene zimakwera Bua kukaswana zimaikira mazira pamiyala ing'onoing'ono yoyera, ndipo matope akaikwirira mazirawo amafa.

Namasupuni ndiye wochotsa. Anachokera ku South America, ndipo akapeza madzi odekha a chonde amatha kuwirikiza kawiri m'milungu iwiri yokha. Mu Shire wakhala akutseka makina amagetsi ku Nkula. Muvuuleni asanachite maluwa, chifukwa njere zake zimakhala zamoyo m'matope zaka zambiri. Muunjikeni kumtunda kumene madzi osefukira safika, aume, mupange manyowa. Mukamudulira m'madzi momwemo mwangomufalitsa. Ovuulawo avale majombo, poti nkhono za likodzo zimakonda kukhala m'mizu yake.

Koma chimene ndikufunitsitsa kuti muyambe ndi kope. Namasupuni amanenepa ndi zonyansa zolowa m'madzi, choncho mukamuchotsa osadziwa kochokera zonyansazo, adzabweranso. Sankhani malo atatu: kumtunda kwa mudzi, padooko pomwe amayi amachapa, ndi kumunsi kwa madimba. Muzipita tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse, m'mawa. Khomerani chivundikiro choyera cha ndowa kunsonga ya ndodo imene mwailemba masentimita, n'kuimiza pang'onopang'ono mpaka chivundikirocho chisaonekenso. Lembani nambalayo. Lembaninso fungo, mtundu wa madzi, ngati mvula inagwa dzulo lake, ndi pamene namasupuni wafika (khomani chikhomo pagombe kuti musamakangane). Kenako tembenuzani miyala ingapo. Pansi pake mukapeza tinkhanu ndi tizilombo ta mitundumitundu tikuthawa, mtsinje uli moyo. Mukapeza tinyongolotsi tofiira tokhatokha m'matope akuda onunkha, mpweya m'madzimo wachepa.

Pakatha miyezi ingapo, kopelo lidzakuonetsani lokha pakati pa malo awiri ati pamene madzi amaipira. Mwina ndi chimbudzi chokumbidwa pafupi ndi gombe, mwina khola, mwina dimba lolimidwa mpaka m'madzi. Pamenepo mupite kwa amfumu ndi kukomiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kenako kukhonsolo. Madandaulo apakamwa amaiwalika msanga, koma masamba olembedwa ndi madeti savuta kuwatsatira, ndipo lamulo la madzi la 2013 limaletsa kuipitsa mitsinje.

Dziwaninso kuti madzi oyera mbee akhoza kukhala ndi kolera, ndipo chivundikiro chanu sichingaone zimenezo. Mliri wa 2022 ndi 2023 unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anavutika kwambiri. Pemphani mlangizi wa zaumoyo akuthandizeni kuti madziwo akayezedwe, ndipo akumwa muziwaphitsa kapena kuthiramo klorini ngakhale kope likuonetsa zabwino.