Acromegaly: N'chifukwa chiyani manambala anga akusiyana ndi a wodwala mnzanga?

Mayi wina wa zaka 36 wanditumizira imelo. Akuti mphete yaukwati inayamba kuthina, nsapato n'kusiya kulowa, mano akutsogolo n'kutalikirana, mpaka madokotala anapeza kuti ndi acromegaly, matenda okulitsa manja, mapazi ndi chibwano mopyola muyezo. Funso lawo, lokhudza mahomoni awiri amene anawayeza m'magazi, GH ndi IGF-1, nali: "GH wanga ndi wokwera kwambiri koma IGF-1 wangopitirira pang'ono. Bambo wina wa zaka 62 amene tinakumana kuchipatala, GH wake ndi wotsika kuposa wanga koma IGF-1 wake akuti wapitirira kwambiri muyezo. Kodi anandiyeza molakwika?"

Mayi, pepani ndi matendawa. Zimene mwaonazi zimachitika ndithu, ndipo zili ndi chifukwa chake.

Nthawi zambiri acromegaly imayamba ndi kachotupa kosakhala khansa pa pituitary, kachiwalo kakang'ono kamene kali pansi pa ubongo. Kachotupako kamatulutsa homoni yokulitsa thupi, GH, mopyola muyezo. GH akafika kuchiwindi, chiwindi chimapanga IGF-1, ndipo ameneyu ndiye amachita zambiri zokulitsa manja, mapazi ndi chibwano.

Nkhani yanu yagona pa chiwindipo. Homoni ya akazi, estrogen, imachititsa kuti chiwindi chisamamvere GH kwenikweni. Ndiye mayi amene sanasiye kusamba akhoza kukhala ndi GH wochuluka, IGF-1 n'kungokwera pang'ono, pamene kwa bambo GH wochepa amakankhira IGF-1 m'mwamba. Mayi akasiya kusamba, kusiyanaku kumachepa.

Zaka nazo zili ndi mbali yake. Kwa munthu aliyense, IGF-1 amafika pachimake nthawi yotha msinkhu, kenako amatsika pang'onopang'ono mpaka kuukalamba. Nambala imene ndi yabwinobwino kwa mnyamata wa zaka 16 ingakhale chizindikiro cha matenda kwa agogo. Bambo aja akuwayeza ndi muyezo wa zaka zawo, umene ndi wotsika kuposa wanu. Komanso achinyamata amakonda kupezeka ndi zotupa zikuluzikulu zotulutsa GH wambiri, pamene za achikulire zimakhala zazing'ono.

GH amatuluka modukizadukiza, moti kuyeza kamodzi kokha sikukwanira. N'chifukwa chake amakumwetsani magalamu 75 a shuga wosungunula m'madzi, n'kumatenga magazi kangapo kwa maola awiri. Kwa munthu wopanda matendawa GH amatsika kwambiri, koma kwa wodwala satsika mokwanira.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mungaone IGF-1 wotsikirapoyo n'kuganiza kuti matenda anu ndi aang'ono. Chonde musatero ayi. Acromegaly yosasamalidwa imabweretsa shuga, kuthamanga kwa magazi ndi vuto la mtima, ndipo ambiri amaizindikira patapita kale zaka zingapo.

Simunanene ngati mukumwa mapiritsi olera. Ngati ali ndi estrogen, amatsitsanso IGF-1 chifukwa mankhwala akumwa amayamba adutsa m'chiwindi. Musawasiye panokha, koma ulendo wotsatira mutenge paketi yake mukawaonetse adokotala asanakutengeni magazi.