Kujambula m'chipale chofewa muli ndi agalu

Mwafunsa mmene ndimakwanitsira kujambula panja m'nyengo yozizira kuno ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, kwinaku ndikusamalira agalu awiri amene ndinawatenga kumalo osungirako agalu osiyidwa. Mu December kumawala pafupifupi maola 7 okha patsiku, choncho ndimatuluka kukangocha nditanyamula penti yamafuta, chifukwa yamadzi imaundana papepala kuzizira kukafika pa madigiri 0. Chipale chofewa sichoyera mbee monga ambiri amaganizira. Mithunzi yake imakhala yabuluu, ndipo penti ya mtundu umenewu ndi imene imandithera msanga. Tikabwerera kunyumba ndimayamba ndatsuka mapazi a agaluwo ndi madzi ofunda, pakuti mchere umene amawaza m'misewu umawapweteka. Wamkuluyo, amene poyamba ankanjenjemera chitseko chikalira, tsopano amagona pansi pa tebulo la maburashi.