Pepala la agogo anu lisachoke m'manja mwanu

Achemwali, mwati pali munthu amene akupempha chikalata cha usilikali cha agogo anu. Ameneyo musamupatse, ngakhale alumbire kuti akungokafufuza n'kubweza. Ine anandichita zomwezi muno mu Lusaka, mpaka lero ndikakumbukira chakudya sichitsika.

Agogo anga aamuna anali a Northern Rhodesia Regiment, gulu la asilikali a dziko lino nthawi ya atsamunda, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anachoka ku Katete ali mnyamata mpaka kukafika ku Burma, m'chigwa cha Kabaw mu 1944, komwe ankati matope ndi malungo zinawazunza kuposa zipolopolo. Anatisiyira mamendulo atatu, 1939-1945 Star, Burma Star ndi War Medal, pamodzi ndi pepala lowatulutsa usilikali. Pamenepo panali nambala yawo, dzina, mudzi ndi mfumu yawo. Amayi ankalisunga m'chitini cha mabisiketi pansi pa zitenje.

Ndiye kunabwera bambo wina wovala bwino, anandipeza kudzera mwa msuweni wanga. Zinthu ankazidziwa, pamenepo sindinganame. Anangoona kansalu ka mendulo, kofiira pakati, m'mbali kabuluu ndi mizere ya olenji, n'kunena kuti agogo anamenya ku Burma. Anati ali ndi anzake ku London oti akayang'ana mafayilo ku Kew, kosungira zikalata zakale za boma la Britain. Mamendulo sanawafune, ankafuna pepala lokha. Ndinalitenga amayi ali kutchalitchi.

Panatha miyezi itatu ndikumuimbira. Tsiku lina anati tikumane mu Cairo Road. Anandipatsa envulopu ya khaki, ati ndikuthamanga, n'kulowa m'galimoto. Ndinaitsegulira m'minibasi yopita ku Chawama. Achemwali, munali fotokope. Yakuda bii, yopendama, manambala awiri omaliza a agogo odulidwa m'mphepete. Manja anga ananjenjemera, ndinatsika basi ndisanafike, n'kuima m'fumbi ndikuimba foni yake yozima. Kunyumba amayi anavala magalasi, anayendetsa chala papepalalo kufunafuna pomwe atate awo anadinda chala, n'kundibwezera. Sanandikalipire. Analowa kukhitchini, tsiku lonse osayankhula. Bola akanandimenya.

Wakuba ameneyo ankadziwa bwino zomwe akuchita! Mamendulo a Britain a nkhondo yachiwiri ambiri ankaperekedwa opanda dzina, sali ngati a nkhondo ya 1914 mpaka 1918 omwe ali ndi nambala, udindo ndi dzina m'mphepete. Burma Star yopanda dzina amaigula motchipa. Akaiphatikiza ndi pepala lenileni la msilikali, mtengo umakwera. Ndiye agogo anga pano ali m'kabati ya munthu wosadziwa n'komwe kuti Katete ili kuti, ife tatsala ndi zitsulo zosatchula munthu. Tili ndi Burma Road ndi Arakan Barracks muno, ku Ndola kuli Tug Argan, ku Chipata Gondar, mayina a komwe anthuwa anakhetsa magazi, koma pepala la mmodzi wa iwo munthu wamkulu n'kuliba masana.

Lero lomwe lijambuleni ndi foni kutsogolo ndi kumbuyo, nambala muilembe m'kope ndi m'Baibulo. Musapange laminate, pulasitikiyo ikamata sichoka. Mamendulo musawakweche ndi mchenga kapena phulusa. Pitani nokha ku National Archives of Zambia mukafunse za batalioni yawo. Tsamba la pa intaneti la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali, ndi laulere koma lili ndi amene anamwalira nthawi ya nkhondo, ndipo London Gazette, nyuzipepala ya boma la Britain, imatchula olandira mendulo za kulimba mtima, osati aliyense.

Komabe anthu osonkhanitsa zinthu zakalewa musawathamangitse onse, amadziwa zambiri zomwe ifeyo sitingazipeze tokha. Ngakhale wanga uja ndi amene anandiuza koyamba za Kew. Wanuyo muitanireni kunyumba, aone pepalalo patebulo achimwene anu ali pomwepo, ajambule ndi foni yake, akamanyamuka muliwerengenso nokha musanabweze m'chitini.