Funsani Makaniko: Matayala Oyenera Pikapu Yokoka Ngolo

Funso: Ndine mlimi komanso ndimagula mpunga kuno ku Nkhotakota. Ndili ndi Toyota Hilux imene ndimakokera ngolo ya matumba kuchokera kuminda ya ku Bua kupita ku Salima, nthawi zina mpaka ku Lilongwe. Matayala anga atha, ndipo anzanga ena akuti ndigule a mano akuluakulu oyendera m'matope, pamene ena akuti a kaunjika angokwanira. Kodi ndisankhe ati? Ndine mlimi wa mpunga, Nkhotakota.

Yankho: Bambo, musanakopeke ndi mano a tayala, yambani mwawerenga zolembedwa m'mbali mwake, chifukwa kwa munthu wokoka ngolo nkhani yaikulu ndi kulemera kumene tayalalo lingasenze. Pambuyo pa saizi, mwachitsanzo 265/65R17, pamabwera nambala yosonyeza katundu: 112 ndiye kuti tayala limodzi limasenza makilogalamu 1,120, pamene 120 ndi makilogalamu 1,400. Ngolo yopakiridwa bwino imatsamiritsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake pachokokera, choncho ngolo ya makilogalamu 2,000 imaika pafupifupi 200 kumbuyo kwa galimoto, ndipo mukaikanso matumba 10 a makilogalamu 50 mu pikapumo, mtolo wonsewo umagwera matayala awiri akumbuyo. Nchifukwa chake ndikukulangizani matayala opangidwira galimoto zonyamula katundu, amene saizi yake imayamba ndi zilembo LT, olembedwa Load Range D kapena E, omwe ogulitsa amawatcha 8 ply ndi 10 ply. M'mbali mwake ndi molimba, kotero kuti ngolo ikayamba kugwedezeka pamitsetse ya msewu wa M14 wochokera ku Lilongwe, kumbuyo kwa galimoto sikuyenda pendapenda.

Komabe dziwani kuti tayala lolimba siliwonjezera mphamvu ya ekiselo, masipuling'i kapena mabuleki. Malire amene analembedwa m'buku la galimoto yanu sasintha ayi.

Kunena za mano, maulendo anu ambiri ali pamsewu wa tala wa M5, ndipo matope a makande mumakumana nawo pakamtunda kochepa kolowera kuminda nthawi ya dzinja. Matayala a matope, olembedwa M/T, amagwiradi bwino pamenepo, koma patala amalira, amawonjezera mafuta, amatha msanga akamakoka katundu, ndiponso sagwira bwino mukaponda mabuleki patala lonyowa. Chomalizachi nchimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, poti mumsewu umenewu njinga, mbuzi ndi ana amatulukira mosayembekezeka, ndipo galimoto yokoka ngolo siima msanga. Olembedwa A/T, oyenda patala ndi pafumbi pomwe, ndiwo akukuyenerani. Sankhani amene mano ake ndi oyandikana pakati koma otakasuka m'mphepete, musasinthe saizi imene galimoto inabwera nayo, ndipo onse anayi akhale amtundu umodzi.

Mpweya nawo musaunyozere. Tayala la LT limasenza katundu wake wonse pokhapokha likapopedwa mokwanira, ndipo kawirikawiri limafuna mpweya wochulukirapo kusiyana ndi tayala wamba, choncho wogulitsa akuonetseni tchati cha kampani yopanga tayalalo. Yezani ndi geji m'mamawa musananyamuke, osati kungolimenya ndi phazi. Tayala lochepa mpweya limapindika m'mbali pamene likuzungulira, limatentha, ndipo m'nyengo ya October ndi November, pamene tala la kunyanja kuno limaotcha ngati chiwaya, likhoza kuphulika ngakhale mano ake akadali atsopano. Mukachepetsa mpweya kuti mudutse pamchenga, popaninso musanabwerere patala.

Za kaunjika, ndikudziwa kuti ndalama ikuvuta, koma pagalimoto yokoka ngolo sindingakulimbikitseni, chifukwa tayala limene linagundapo dzenje likhoza kuduka mawaya mkati kunja likuoneka labwinobwino. Ngati palibiretu kuchitira mwina, funani manambala anayi omaliza pamzere umene umayamba ndi zilembo DOT m'mbali mwa tayala: 2322 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2022. Lopitirira zaka 6, lotupa m'mbali, kapena lokhala ndi ming'alu pakati pa mano, lisiyeni. Muyeso womwewu muugwiritsenso ntchito pa sipeya ndi pamatayala a ngolo, amene nthawi zambiri amakalamba ali chiimire padzuwa kudikira nyengo yokolola.