Poyambira pophunzira za boma ndi makhoti a ku Britain

Achemwali, mwafunsa kumene mungayambire pokonzekera mafunso a boma ndi makhoti m'mayeso a Life in the UK, amene amalemba anthu ofuna kukhazikika kapena kukhala nzika ku Britain. Langizo langa ndi lakuti muyambe mwaika pambali dongosolo lakwathu ku Malawi, kumene pulezidenti timamusankha tokha ndipo sakhala phungu. Ku Britain anthu amasankha aphungu 650 a House of Commons, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo, kenako Mfumu imaitana mtsogoleri amene aphungu ambiri ali pambuyo pake kuti akhale nduna yaikulu. Nduna zake zimachokera m'nyumba yomweyo kapena ku nyumba inayo, House of Lords, motero oyendetsa boma ndi opanga malamulo amakhalira pamodzi. N'chifukwa chake Liz Truss atatula pansi udindo wa nduna yaikulu mu 2022, Rishi Sunak analowa m'malo mwake popanda chisankho cha dziko lonse.

Pa makhoti ndi pamene ndikanakonda mufatsepo, chifukwa anzathu ambiri amasokonezeka pomwepa. Kwathu khoti likhoza kuthetsa lamulo losemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, koma ku Britain palibe khoti limene lingafafanize lamulo lopangidwa ndi Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse ya ku Westminster, mu London. Chimene oweruza angachite ndi kudzudzula boma likapyola malire a mphamvu zake, monga zinachitikira mu 2019 pamene Supreme Court, khoti lalikulu koposa, inagamula kuti Boris Johnson, nduna yaikulu ya panthawiyo, anaphwanya lamulo potseka zokambirana za aphungu kwa masabata asanu. Khoti limeneli ndi laposachedwa ndithu, linayamba ntchito mu 2009, ndipo kale apilo yomaliza inkamvedwa ndi oweruza a mu House of Lords momwemo.

Zotsalazo ndi zongoloweza. Ku England ndi Wales milandu yaupandu imayambira kwa majisitireti, amene ambiri mwa iwo ndi anthu wamba ongodzipereka, ndipo yaikulu imatumizidwa ku Crown Court kumene anthu 12 osankhidwa mwa nzika amagamula ngati woimbidwa mlandu ndi wolakwa. Mikangano ya ngongole ndi ya nyumba imapita ku County Court. Scotland ili ndi malamulo ndi makhoti akeake, monga Sheriff Court, choncho mulembe za kumeneko patsamba lapadera kuti mayina asakusakanikireni pa tsiku la mayeso.