Kodi wakupha anthu n'ngoyenera kupatsidwa pakamwa m'buku?

Mayi wina anditumizira imelo sabata yatha. Akuti anayamba kuwerenga Machete Season, buku la Jean Hatzfeld lonena za anthu amene anapha Atutsi ku Rwanda, koma analitseka lili pakati. Funso lawo ndi ili: "Bwanji wolemba akulola zigawenga kulankhula ngati anthu? Si kunyoza akufa kumeneku?"

Mayi, ndakumvani. Inenso bukuli sindinalimalize tsiku limodzi.

Hatzfeld, mtolankhani wa ku France, anakacheza ndi akaidi achihutu amene anapha nawo anthu, ali m'ndende ya Rilima ku Rwanda, ndipo bukulo linatuluka koyamba m'Chifalansa mu 2003. Ambiri mwa amunawa anali alimi a kufupi ndi Nyamata, dera limene Atutsi pafupifupi 50,000 mwa 59,000 anaphedwa mu Epulo ndi Meyi 1994. Akuti m'mawa ankasonkhana pabwalo la mpira, n'kutsetserekera kumadambo a gumbwa kumene Atutsi ankabisala, zikwanje zili m'manja, madzulo n'kuweruka. Eetu, kuweruka, poti kuphako ankakutcha ntchito. Akabwerako ankadya nyama ya ng'ombe zolanda, kumwa mowa wa Primus, n'kumalimbirana malata osasula panyumba za ophedwa.

Malatawo ndi amene anandisowetsa tulo. Fisi sasirira malata, mayi. Amene amasirira malata ndi mnansi wako, yemwe wakhala akuliyang'ana denga lako chaka ndi chaka uku mukupatsana moni. Wolemba akatijambulira chilombo cha nyanga, timapuma bwino, amvekere ife sitili choncho. Akatisonyeza mlimi, tilibe kothawira.

Boubacar Boris Diop wa ku Senegal anadzera njira ya nthano m'buku lake Murambi la mu 2000, lonenanso za kuphedwa kwa Atutsi ku Rwanda. Wakupha wa m'bukumo ndi dokotala wolemekezeka, Joseph Karekezi, amene anakonza chiwembu chimene chinatha ngakhale mkazi wake ndi ana ake omwe. Sukulu sinamuletse.

Komabe nkhawa yanu ili ndi pake. Wakupha ndi wabodza, ndipo mukamupatsa mpando amadziyeretsa. Hatzfeld anaona kuti akafunsa munthu zimene iye mwini anachita, yankho linkazemba, koma akafunsa zimene gulu linachita, pakamwa pankatseguka. "Tinapha" ankatuluka mosavuta, "ndinapha" ankakakamira pakhosi. N'chifukwa chake wolembayu sawasiya okha, amalowererapo ndi ndemanga zake, ndipo anali atayamba walemba kale buku la opulumuka a m'madambo omwewo mu 2000.

Ndiye ngati mungalitsegulenso, yambani ndi la opulumukalo. Kenako bwererani kwa amuna aja pensulo ili m'manja, muzilemba mzere paliponse pamene wina wanena "ine". Muone ngati pensuloyo ingafunike kusongola.